A Kalinde Akana Kuvula Chipewa

Loweruka lina m'mawa, pachipatala china chaching'ono kufupi ndi Njuli, a Bonifasio Kalinde, telala wa pamsikapo, anakhala pabedi loyezerapo odwala atavala suti, chipewa atachimiza mpaka m'makutu, magazi akutsetsereka kuchokera pansi pake. Pantchito panali Hidaya, dokotala wachitsikana amene anzake ankati ukamuuza kuti dikira pang'ono, amafunsa kuti pang'ono pake n'potalika bwanji.

"Vulani chipewa, bambo," anatero Hidaya akuvala magolovesi.

"Chipewa chilibe vuto. Vuto lili pansi pake."

"N'chifukwa chake ndikuti muvule."

"Ingokwezani kutsogoloku pang'ono, mumate kapulasitala, ine ndizipita. Ndili ndi chinkhoswe thu koloko ku Namadzi."

"Cha mwana wanu?"

A Kalinde anamuyang'ana kuyambira kumpango mpaka kunsapato. "Changa."

"Zabwino zonse. Vulani chipewa."

"Ayi."

Hidaya anakweza mlomo wa chipewacho ndi chala chimodzi, eni ake atachigwira kumbuyo ndi manja awiri. Pamphumi panali bala lotseguka ngati thumba la malaya.

"Abambo aja akusiyani pakhomo ndi ndani? Ndinawafunsa chachitika n'chiyani, amangoseka."

"Ndi a Denis, ankhoswe anga. Amaseka chilichonse. Pamaliro timawakhazika kumbuyo."

"Ndiye ndiuzeni inuyo. Chachitika n'chiyani?"

"Ndavulala."

"Zimenezo ndaona. Mwavulala bwanji?"

A Kalinde anayang'ana kudenga, kenako pawindo, kenako nsapato zawo. "Sindikukumbukira."

Hidaya anabweza thonje m'mbale. "Simukukumbukira?"

"Ngakhale pang'ono."

"Chomaliza chimene mukukumbukira n'chiyani?"

"Dzulo."

"Dzulo nthawi yanji?"

"Dzulo lonse. Linali tsiku labwino kwambiri."

"Ndiye kuchokera dzulo kufika pano m'mutu mulibe kanthu?"

"Aaa, m'mutu muli zinthu zambiri, adokotala, musanditukwane. Za m'mawa uno zokha ndi zimene zachokamo. Tsopano matani kapulasitala."

"Kapulasitala kadikire kaye." Hidaya anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nawo. "Pali lamulo limene timatsatira munthu akavulala m'mutu. Ngati anakomoka, kapena waiwala zimene zachitika, kapena wasokonezeka, timamufunsa mafunso angapo n'kumuyang'ana zizindikiro zingapo. Chimodzi chokha chikapezeka, timamutumiza ku Boma, ndipo a ku Boma amamupititsa ku Blantyre kuti makina akajambule mkati mwa mutu."

"Liti?"

"Lero."

"Lero ndatanganidwa. Lamulo lake ndi la ndani limeneli?"

"La madokotala. Anatsatira anthu ambirimbiri ovulala m'mutu, n'kuona kuti amene ankapezeka ndi magazi mkati anali otani."

"Anthu ake a pa Njuli pano?"

"Akunja."

"Eee, ndiye mitu ya akunja ikukhudzana bwanji ndi wanga? Mutu uwu unasenzapo makina osokera kuchokera pamsewu kukafika kumudzi, osatula."

"Lamulo silifunsa za makina. Lero ndi lachingati?"

"Lero ndi tsiku langa."

"Pakalendala."

"Pakalendala yanga ndinalembapo kuti Maluwa."

"Maluwa si tsiku."

"Kwa inu."

"Muli kuti pano?"

"M'mavuto."

"Ndikufunsa malo, bambo."

"Malo a mavuto."

Hidaya anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wamva zimene ankaopa. "Muli ndi zaka zingati?"

"Fifite-eyiti." Yankholo linatuluka msanga ngati linkadikirira pakhomo.

"Chabwino. Lamulo limayamba kuda nkhawa pa sikisite-faifi."

"Lizida nkhawa ndi eni akewo. Ine ndikadali kutali."

"Munabadwa chaka chanji?"

"Werengerani nokha, wapita kusukulu ndinu."

"Simukukumbukiranso chaka chobadwa?"

"Iii, mwana uyu. Mutu wanga ndi wakuthwa ngati lumo latsopano. Ndimakumbukira tsiku limene dziko lino linalandira ufulu. Tinayenda wapansi kuchokera ku Magomero, ine kambendera kali m'manja, kabudula wa kaki atang'ambika kumbuyo. Inu mungakumbukire zimenezo?"

"Ufulu wa sikisite-folo?"

"Ulipo wina?"

"Munthu wa zaka fifite-eyiti anabadwa ufulu utabwera kale."

A Kalinde anakhosomola. "Ndinali m'mimba."

"Ndi kambendera?"

"Anagwira ndi amayi. Ine ndinkangomvera mkati."

"Simunali ngakhale m'mimba, bambo."

"Ndinali m'maganizo mwawo."

"Ndipo kabudula wong'ambika uja?"

"Amayi anga ankaganiza zinthu mwatsatanetsatane."

"Mukukumbukira zimene zinachitika musanabadwe, koma za m'mawa uno ayi," anatero Hidaya modekha. "Kumeneko timati kusokonezeka. Mwasanza?"

"Kamodzi."

"Kamodzi kokha?"

"Kamodzi ndi theka."

"Theka lake ndi liti?"

"Pakabaza pobwera kuno. Zinafika apa," analoza pakhosi, "n'kuona kuti ndavala suti, n'kubwerera."

"Lamulo limati kawiri kapena kupitirira. Lilibe theka."

"Ndiye tayani thekalo."

"Kusukulu anatiphunzitsa kuti theka timalikweza."

"Kwathu timalitsitsa. Mita ndi theka ya nsalu sinasandukepo mamita awiri pamakina anga."

"Ndilisunga kaye pambali." Hidaya anadzuka n'kuzungulira kuseri kwawo. A Kalinde anatembenuka naye. Iye anabwerera mbali ina, iwonso anatembenuka. "Khalani phee, bambo, sitikuvina."

"Mukufuna chiyani kumbuyoko? Bala lili kutsogolo."

"Kuseri kwa khutu lanu kwada."

"Ndine munthu wakuda, adokotala. Ndada thupi lonse, kuyambira kale."

"Apa padetsetsa. M'mbali mwa maso namonso mwada."

"Ndi tulo. Munthu wa chinkhoswe sagona."

"Kuseri kwa khutu sikuda ndi tulo."

"Kwanga kumada. Ndimagonera khutu limenelo."

"Fupa la pansi pa chigaza likasweka, magazi amasonkhana kuseri kwa khutu ndi kuzungulira maso. Chimenechi ndi chizindikiro chachikulu kwambiri palamulo lonse."

Nthawi yomweyo kadontho kakuda bii kanatuluka pansi pa chipewa, kanatsetsereka m'mbali mwa khutu, n'kukagwera pakolala yoyera. Onse awiri anakayang'ana.

"Mukutuluka madzi akuda," anatero Hidaya, mawu atatsika.

"Ndi thukuta."

"Thukuta lakuda?"

"Ndimamwa tiyi wopanda mkaka."

"Ifenso kwathu timamwa wopanda mkaka."

"Masamba anu ndi ofooka."

"Tinaphunzira za madzi oyera otuluka m'khutu, ndi za magazi. Akuda sitinaphunzire. Imani ndipukute ndione."

Anatenga thonje, analinyowetsa ndi sipiriti. A Kalinde anapendekera uku, thonje linawatsatira. Anapendekera uko, linawatsatiranso. Pomaliza anatseka khutu ndi chikhatho.

"Khutu ili ndi la mwiniwake kuyambira thu koloko. Musaligwire."

"Chabwino." Hidaya anavula golovesi imodzi n'kutulutsa foni m'thumba. "Ndikuitana ambulansi."

"Dikirani. Ndakumbukira."

"Mwakumbukira chiyani?"

"Zonse. Zabwerera mwadzidzidzi ngati magetsi. Inandigunda galimoto."

"Galimoto?"

"Yaikulu. Ine kuima nji, osagwa. Galimotoyo ndi imene inapindika."

"Kugundidwa ndi galimoto kuli m'lamulo. Ndi ngozi yoopsa. Wotero amapita ku Blantyre."

"Ndati galimoto? Sinali galimoto. Ndinagwa padenga. Ndimakhoma malata, ndekha, popanda makwerero, monga amachitira amuna a msinkhu wanga."

"Kugwa pamalo otalika kuposa m'chiuno kulinso m'lamulo."

"Nyumba yanga ndi yaifupi."

"Yaifupi kuposa m'chiuno mwanu?"

"Ndimalowa chokwawa."

"Bambo."

"Chabwino, sindinagwe padenga. Ndinagwa pansi, kuchokera pansi pomwepo. Palibe lamulo loletsa zimenezo, eti?"

"Palibe. Koma mwandiuza kuti simukukumbukira, kenako galimoto, kenako denga. Munthu akamasintha nkhani chonchi, ubongo umakhala ukudzaza mipata ndi zopeka."

"Ndikapanda kukumbukira, Blantyre. Ndikakumbukira, Blantyre. Kodi lamulo lanuli analemba ndi a minibasi?"

"Analemba ndi madokotala," anayankha Hidaya, chala chikufufuza nambala.

"Ndipangeni mayeso ena. Ndiyende? Onani." A Kalinde anadumpha pabedi, anayenda mpaka kukhoma ndi kubwerera, dzanja limodzi lili pachipewa. "Ndiimbe? Ndili m'kwaya ya Akatolika, mawu apansi. Ndivine?"

"Khalani pansi."

"Munthu wosweka chigaza angachite chonchi?" Anagwedeza mapewa, anatembenuka kamodzi, madontho ena awiri akuda n'kugwera pasimenti.

"Angachite," anatero Hidaya.

Mawu ake anali atasintha, ndipo a Kalinde anaima. Hidaya anakhala pampando n'kuika foni pamwendo.

"Munthu amene magazi akukha mkati mwa mutu amayankhula bwinobwino. Amaseka, amadya, ena amavina ngati mmene mwavinira inumu. Madzulo amati ndigoneko pang'ono, osadzukanso. Ine mkati mwa mutu wanu sindingaonemo, makinawo kuno tilibe. Chimene ndili nacho ndi mayankho anu, ndipo mayankho anu onse akuti mupite."

A Kalinde anakhala pansi. "Ambulansi zake zilipo zingati?"

"Lero ikuyenda imodzi. Ikabwera kudzatenga inu, wina amene angaifune adikira. Mwina mayi woyembekezera."

"Ndipo ikandifikitsa kumeneko, makinawo n'kupeza kuti mulibe kanthu?"

"Tidzathokoza Mulungu."

"Nanga mayi woyembekezera uja?"

"Adzakhala atadikira."

Kunja kunamveka njinga yamoto ikudutsa. A Kalinde anasisita bondo la thalauza kanthawi ndithu.

"Adokotala, zimene munthu wanena muno zimathera muno?"

"Ine sindiuza munthu."

"Mayi Maluwa, amene ndikuchita nawo chinkhoswe lero, anaika kale mwamuna mmodzi m'manda. Anamudwazika nthawi yaitali, kumutembenuza, kumusambitsa. Inenso ndinaika mkazi wanga, nyumba n'kuzizira. Tsiku limene ndinawafunsira anandiuza kuti, a Kalinde, ine kudwazika nkhalamba ndinatopa nako, muli ndi zaka zingati? Pakamwa panga panatuluka fifite-eyiti ine ndisanapalole."

"Zenizeni ndi zingati?"

Anayang'ana kuchitseko n'kunong'ona.

"Sindinamve."

Ananong'onanso.

"Bambo, kwezani mawu, ndiyenera kumva bwinobwino."

"Sikisite-seveni," anatero a Kalinde ndi mawu apansi a m'kwaya, mpaka mabotolo a pashelefu anachita ngati alira.

"Ndiye kambendera kaja munagwira nokha."

"Ndekha. Kabudulanso anali wanga."

"Chabwino, kumeneko kwawongoka. Nanga bala?"

"M'mawa uno ndinatenga galasi, ndinalitsamiritsa pankhokwe kuseri kwa nyumba, kumene anthu sadutsa. Ndinasungunula dayi m'kambale."

"Dayi wa nsalu?"

"Wa tsitsi, adokotala. Wa imvi. Musandivutitse kunena kawiri. Tambala wokapereka kuchinkhoswe ndinam'manga mwendo pamtengo pomwepo kuti asasowe. Ndadaya mbali imodzi bwinobwino, ndikuti ndiyambe inayo, tambala uja kuyang'ana pagalasi, n'kuonamo tambala mnzake."

"Munali ndi atambala awiri?"

"Mmodzi."

"Mwati anaona mnzake."

"Anadziona yekha."

"Ndiye sanali mnzake."

"Ine ndi inu tikudziwa zimenezo. Iye sanapite kusukulu. Anafufuma khosi, winayo anafufuma. Anapalasa pansi, winayo anapalasa. Basi, anadula chingwe n'kulumphira galasi. Phiko linamenya kambale, dayi yense kumaso kwanga, m'maso, m'makutu, wina m'kamwa."

"Kusanza kuja."

"Mungameze dayi inu osasanza? Tambala uyo, wathawa. Ine n'kuganiza kuti chinkhoswe chopanda tambala ndi msonkhano chabe. Ndinam'thamangira maso ali otseka, kutsatira kulira kwake. Iye anadutsa pansi pa mtanda wa khola la mbuzi."

"Ndipo inu?"

"Ine ndine wamtali kuposa tambala."

Hidaya analuma mlomo wapansi. Anayang'ana foni, anayang'ana thonje, anayang'ana pakhoma pamene panali chithunzi cha mwana akulandira katemera.

"Munakomoka?"

"Ndikanakomoka bwenzi zili bwino. Ndinamva chilichonse. Ndinamva mbuzi zikudabwa. Ndinamva a Denis akufika, kuima, n'kuyamba kuseka mpaka kukhala pansi. Anandiveka suti akuseka, anandikweza kabaza akuseka. Pano abwerera kukasaka tambala, ndipo ndikudziwa kuti akuseka."

"Iyi ndi nkhani yachinayi."

"Iyi ndiyo yoona."

"Galimoto ija munatinso ndi yoona."

"Adokotala, munthu angapeke nkhani yomuchititsa manyazi chonchi?"

"Wosokonezeka angapeke. Tambala womenyana ndi galasi, mbuzi zodabwa. Pa zonse zinayi, ya galimoto ndi imene inali yomveka." Ananyamulanso foni.

"Mukufuna umboni?"

"Ndikufuna muvule chipewa."

A Kalinde anapuma mozama, anachita chizindikiro cha mtanda, anagwira chipewa ndi manja awiri n'kuchikweza pang'onopang'ono ngati akuvundukula mphika wa eni. Kumanzere tsitsi linali lakuda bii, lonyezimira ngati nsapato ya wapolisi. Kumanja linali loyera mbee ngati ufa. Mzere wapakati unali wowongoka bwino, ntchito ya telala.

Hidaya anayang'ana nthawi yaitali.

"Nenani," anatero a Kalinde.

"Mbali yakumanzere ili ndi zaka fifite-eyiti," anatero Hidaya, mawu akunjenjemera. "Yakumanja ndi imene inagwira kambendera."

Kenako anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

"Mukuseka?"

"Ndikuyang'ana chithunzi cha katemera."

"Chithunzicho chikuseketsa?"

"Mwanayu wakwiya kwambiri."

Atapukuta m'maso ndi mkono, anavalanso golovesi ija, anatenganso thonje la sipiriti n'kupukuta kuseri kwa khutu. Thonje linada, khutu linayera. Anapukuta m'mbali mwa maso, zimodzimodzi. Anaunika m'makutu ndi katochi, anaunika m'maso, anapapasa mutu wonse, mbali yachinyamata ndi yachikulire yomwe, anawatembenuza khosi uku ndi uku.

"Lero ndi lachingati?"

"Loweruka."

"Muli kuti?"

"Kuchipatala, pafupi ndi Njuli, m'manja mwa munthu wopanda chisoni."

"Mumamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi?"

"Ndimamwa tiyi basi. Wamkaka, kunena zoona."

"Mwasanza kangati?"

"Kamodzi ndi..."

"Theka lija silinatuluke. Ndalitsitsa."

"Mwaona? Mwaphunzira za kwathu. Nanga zaka zija? Si mwati lamulo limada nkhawa pa sikisite-faifi?"

"Limada nkhawa ndi amene anakomoka, oiwala kapena osokonezeka. Inu simunakomoke, simunaiwale, simunasokonezeke. Munangonama."

"Ndiye bodza mulibe m'lamulo?"

"Mulibe. Munalowa m'lamulo nokha pamene munati simukukumbukira. Mukananena za tambala poyamba, bwenzi pano muli pa Namadzi."

"Ambulansi?"

"Ikhale kwa amene akuifuna. Gonani chagada ndisoke."

A Kalinde anagona, anabayidwa jakisoni wa dzanzi akuyang'ana kumbali, kenako anayamba kuyang'anira ntchito.

"Musakoke kwambiri, pangachite makwinya."

"Makwinya analipo kale."

"Ulusi wake ndi wamtundu wanji?"

"Wakuda."

"Zikomo. Ugwirizana ndi mbali imodzi."

Hidaya anamanga mfundo yomaliza, anadula ulusi, anamata bandeji. "Chinkhoswe mupite, koma musavine kwambiri, mowa ayi. Pamsinkhu wanu weniweni tiyenera kusamala. Usiku uno ndi mawa pakhale munthu wokuyang'anirani. Mukasanza, mutu ukapweteka kwambiri, mukayamba kusinza kosadzutsika kapena kuyankhula zosamveka, akubweretseni msanga."

"Ndimakhala ndekha."

"A Denis anandiuza zimenezo pokusiyani, pakati pa kuseka. Ndinawapempha kuti aitane munthu amene angakusamaleni."

A Kalinde anadzuka pang'onopang'ono. "Anaitana ndani?"

"Dzina sindinafunse. Ndinangoona pawindo mayi wina akutsika pakabaza, atavala chitenje chatsopano ndi duku lalikulu. Anakhala pabenchi panjapo."

"Benchi lake liti?"

"Lotsamira khoma ili."

"Anafika nthawi yanji?"

"Pamene tinkakambirana za theka."

A Kalinde anayang'ana khomalo. Linali la pulayiwudi, ndipo pamwamba silinkafika kudenga. Panali mpata woti mwana n'kudutsapo.

"Munati zonena muno zimathera muno."

"Ndinati ine sindiuza munthu. Za khoma sindinalonjeze." Hidaya anayang'ananso mpatawo, nkhope n'kugwa pang'ono. "Pepani, bambo. Ndinayenera kuganiza zimenezo. Maganizo anga onse anali pakhutu lanu."

"Sikisite-seveni ija ndinanena motsitsa, eti?"

"Mabotolo analira."

A Kalinde anagonanso chagada, anapinda manja pachifuwa, anaika chipewa kumaso.

"Itanani ambulansi ija."

"Simukuifuna."

"Ndikuifuna kwambiri. Ndaiwala zonse. Ndine ndani ine? Lero ndi Lachiwiri. Tili ku Zomba."

"Bambo Kalinde."

"Theka lija likwezeni. Galimoto ija ndaikumbukiranso, inali yofiira. Inandigunda ndili padenga."

"Lamulo silikulolani."

"Poyamba limandikakamiza, tsopano likundikaniza. Nditulutseni pawindo ndiye."

"Windo lili ndi zitsulo."

"Ndikukomoka. Onani. Ndakomoka."

"Okomoka salengeza."

Hidaya anavula magolovesi, anatsegula chitseko n'kutuluka. A Kalinde anakweza chipewa pang'ono n'kutchera khutu lotsukidwa lija. Kunja kunamveka manong'onong'o, kenako phokoso lina lotsamwa, losadziwika ngati ndi kulira kapena chiyani, kenako manong'onong'o ena. Anabwezanso chipewa kumaso. Chitseko chinatsegukanso.

"Apita?"

"Alipo."

"Akulira?"

"Misozi ilipo, koma akugwira m'mimba."

"Anena chiyani? Nenani mmene anenera, musachotsepo, musawonjezere."

"Ine sindichotsa." Hidaya anaima mowongoka ngati mwana wolakatula pamzere wa kusukulu. "Akuti thu koloko ikadali thu koloko. Akuti tambala akapanda kupezeka, abwereka wa aneba."

A Kalinde anachotsa chipewa kumaso. "Basi?"

"Pali funso limodzi."

"Funsani."

"Akuti ndikufunseni ngati dayi uja anatayika yense, chifukwa wawo wawathera dzulo mutu uli theka."